Mlendo wa Masamba Awiri

Mvula yoyamba itagwa, kwa Nomsa kudabwera mlendo. Mlendoyu sadanene "Odi." Adangotulukira m'dothi, pafupi ndi dimba la kabichi. Kadali kachomera ka masamba awiri.

Nomsa adagwada. "Ndiwe yani?" adanong'ona.

Nomsa adafunitsitsa kudziwa dzina lake.

Amayi adabwera ndi tsache. "Umenewo ndi udzu. Zula!"

"Si udzu, amayi. Ndi mlendo wanga."

"Udzu umaitana njoka pakhomo."

"Masamba awiri okhawa? Njokayo ibisala pati?"

Amayi adapukusa mutu. Adatuma Dyton, mlongo wake wa Nomsa. Dyton adabwera ndi khasu.

"Suntha, Nomsa."

Nomsa sadasunthe. "Muyambe mwalima phazi langali, achimwene!"

"Kodi udzuwo udzaudyera nsima?"

"Ayi. Ndikufuna ndione nkhope yake."

Dyton adaseka, n'kubwerera.

Nomsa adazika timitengo kuzungulira mlendo wake. Nkhuku zikabwera, ankazipirikitsa. Mbuzi ikabwera, ankaipirikitsa. Mlendo adakula. Adatulutsa phesi lalitali. Koma duwa ayi.

Tsiku lina amayi adati, "Loweruka kukubwera azakhali ako a Esnath ochokera ku Tsangano. Pakhomo pakhale poyera. Udzuwo uchoke!"

Loweruka m'mawa, Nomsa adakhala pansi pambali pa mlendo wake. Tiyi adamukana. Mbatata adaikana.

"Dzuka, Nomsa!"

"Sindidzuka, amayi."

Dzuwa lidakwera. Amayi adatenga okha khasu.

"Odi kuno!" Adali azakhali.

Azakhali adaima. Adayang'ana phesi lija. Pamwamba pake padali timaluwa titatu tofiirira. Tidali titangotseguka kumene!

Azakhali adatula dengu lawo. Adagwada.

"Ine ndili mtsikana, phiri lakwathu lidali lodzaza ndi maluwa awa," adatero. "Tinkakumba timizu take. Tinkaphika, tinkadya. Tidakumba, tidakumba, mpaka adatha."

Nomsa adatambasula manja. "Uyu yekha musamukumbe!"

"Sitimukumba, mwanawe. Timusiye abereke anzake."

Amayi adayang'ana maluwa aja. Adayang'ana Nomsa. Kenaka adatsamiritsa khasu kukhoma.

"Dyton," adaitana amayi, "bweretsa mitengo ina. Mpandawu ndi waufupi."

Onse adakhala pansi kuzungulira duwalo.

"Azakhali," adafunsa Nomsa, "nanga dzina lake ndani?"

Azakhali adamwetulira. Adamunong'oneza kukhutu.

Nomsa adawerama pafupi ndi timaluwa tija.

"Takulandira, Chinaka!"