Zimene Bambo Ananena M'mawa Uja

Mlendo wina anati anthu amawatcha a Zalazofewa, ndipo chimene ankafuna chinali chaching'ono: thumba lamkati m'jekete yawo, lakuya bwino, loti dzanja lizilowa ndi kutuluka osakodwa.

Anaima pakhomo pa shopu ya utelala akununkhira pefyumu. Shopuyo inali chipinda chakumaso cha nyumba ya banja la anthu atatu. Mayi ankadula nsalu ndi kusoka. Bambo, amene anasiya kuyendetsa basi chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, ankasita zovala zomwe zatha kusokedwa. Mwana wawo wamkazi ankaika mabatani ndi kupinda m'mphepete. Aliyense ankangomutcha Mzime poti anali womaliza kubadwa, ndipo akulu ake anali atakwatiwa kutali.

Linali khomo labwino. M'mawa ankayamba ndi pemphero asanatsegule chitseko. Maso a mayi anali atayamba kuchita mdima, choncho bambo ankawalowetsera ulusi m'singano mwakachetechete, n'kuisiya pamakina ngati yalowa yokha. Mzime anali wamanyazi, mawu ake otuluka movutikira, ndipo anthu ambiri ankamudula pakamwa. Koma bambo ake, iye akangoyamba kulankhula, ankaimika simbi, n'kutembenuka thupi lonse.

"Nenani, mayi anga, ndikumva," ankatero, poti mtsikanayo anatengera nkhope ya mayi awo owabereka.

Komatu Mzime anali ndi chinsinsi. Kusekondale anali katswiri wa masamu, koma malo a kukoleji sanapezeke, ndipo mutu wake unkayabwa kusowa chochita. Pafoni yake anapeza masewera a makadi otchedwa bulakijaki, amene wosewera amalimbana ndi wogawa makadi. Poyamba zinali zongotayitsa nthawi. Kenako anamva kuti kuli anthu ena amene amawerenga makadi mumtima, n'kudziwa nthawi yoyenera kubetcha zambiri. Anayesa yekha, zinamukanika. Ankalakalaka atapeza womuphunzitsa.

Tsiku limenelo, akutembenuza jekete ya mlendoyo kuti ayeze thumba, paketi ya makadi inagwa pansi. Mayi ndi bambo anali kuseri. Mzime anatola paketiyo, ndipo mtsikana amene ankaopa ngakhale kufunsa mtengo wa sopo anadzimva akufunsa monong'ona ngati mlendoyo amadziwa kuwerenga makadi.

A Zalazofewa anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi, n'kumwetulira.

"Nkhope ngati yakoyi ndakhala ndikuifunafuna, chemwali. Ndani angakayikire kamtsikana koyang'ana pansi? Iwe ndi ndalama yoyenda ndi miyendo."

Palibe amene anali atamuuzapo kuti manyazi ake ndi chinthu chamtengo. Mawuwo anamukoma ngati uchi.

Kwawo ananena kuti wapeza malo ophunzira kompyuta masana. Bambo anasangalala mpaka anamupukutira nsapato. Maphunziro ake enieni ankachitikira patebulo lakumapeto m'kalesitilanti kena, pafupi ndi khomo la kukhitchini. A Zalazofewa anamuuza kuti khadi laling'ono likatuluka aziwonjezera chimodzi, lalikulu likatuluka azichotsa chimodzi, apakati aziwasiya. Nambala ikakwera, ndiye kuti makadi abwino atsalira m'bokosi la wogawa, ndipo nthawi yobetcha yakwana. Mzime anazigwira msanga moti mphunzitsi wakeyo anaomba m'manja.

Kenako anayamba kumusokoneza dala. Ali mkati mowerenga ankamufunsa za kwawo, za chibwenzi, za mtengo wa nsalu. Mzime akangoyankha, nambala inkamuthawa.

"Apa ndiye pagona luso," anatero a Zalazofewa. "Kuwerenga ngakhale mwana angathe. Koma kunyumba ya njuga anthu azikulankhulitsa, wogawa azikuseketsa, alonda azikuyang'ana. Nkhope yako izimvetsera, mutu wako uzikhala kwina. Uzigwedeza mutu, uziti inde, uziseka ena akaseka, koma mawu awo asalowe."

Mzime anafunsa kuti zimenezo angaziphunzire bwanji.

"Kwanu kulibe anthu? Yeserera pa amenewo. Makolo ndi aulere, salipiritsa."

Anayambadi. Ankaika makadi pamiyendo, kunsi kwa tebulo losokerapo, n'kumawatembenuza ndi chala chimodzi, diso likungoba pang'ono. Mayi akamafotokoza za makasitomala, iye ankati inde mayi. Bambo akamakamba nkhani zawo zakale za m'basi, iye ankaseka pamalo oyenera kuseka. Poyamba mtima unkamutsutsa. Pasanapite nthawi zinayamba kutheka zokha, ndipo mawu a makolo ake anasanduka phokoso ngati la mvula padenga.

Mayi sanachedwe kuona. Tsiku lina anaimitsa makina mwadzidzidzi n'kumufunsa kuti angonena chiyani. Mzime anangogwedeza mutu. Mayi anadzuka, n'kukweza nsalu yomwe inali pamiyendo pake, makadi n'kumwazikira pansi.

"Kompyuta yako ija ndi imeneyi? Njuga, m'nyumba yopempherera muno? Mwanawe, ukundiyang'ana ndi maso awiri koma m'katimo mulibe munthu. Ndikulankhula ndi chidole cha m'sitolo ine?"

Mzime analira, nanena kuti n'zongosewera, nalonjeza kuti asiya. Mayi anaponya makadiwo m'chitini cha zinyalala. Bambo sanakalipe. Anangomuuza kuti m'zaka zawo zoyendetsa basi anaona anthu ambiri akutsika pakhomo pa nyumba ya njuga atavala bwino, koma pobwerera ankapempha kukwera ulere. Mzime anagwedeza mutu mwaulemu. Mumtima anali akuwerenga makadi amene anawaona akugwa, kuti aone ngati nambala ikwana.

Mawa lake anagula paketi ina.

Sabata imeneyo bambo anabwera ndi malaya awo oyera opita nawo kutchalitchi, batani lapakhosi litathothoka. Anaika malayawo patebulo la Mzime, pamwamba pake n'kuikapo switi.

"Abwana telala, ndalipiriratu. Musadzati kasitomala uyu ndi wovuta."

Mzime anadya switiyo, nati asoka mawa. Malayawo anawakankhira m'dengu la zidutswa za nsalu.

A Zalazofewa anati tsopano wapsa, koma kuti alowe m'masewera anayenera kubwera ndi zake zobetchera. Iye azikhala patebulo n'kumawerenga, nambala ikakwera azigwira khutu, apo iwo azibwera n'kubetcha zambiri. Mzime anati alibe ndalama. Iwo anaseka, nati kubwereka kwa tsiku limodzi si kuba, ndipo pofika madzulo adzakhala atabweza zonse n'kugulira mayi ake makina amagetsi.

M'kabati ya mayi munali ndalama zimene kwaya ina inapereka zogulira nsalu ya yunifolomu. Mzime anazitenga m'mawa, mayi atangonyamuka kukapereka zovala za ukwati kutsidya kwa tauni.

Anatsala awiri m'shopu. Mzime anakhala patebulo lake, makadi pamiyendo, kuyeserera komaliza. Bambo anasita pang'ono, kenako anaimika simbi, anakoka mpando n'kukhala moyang'anana naye. Anayamba kulankhula. Analankhula nthawi yaitali, motsitsa mawu, dzanja limodzi likusisita linzake. Mzime ankaona milomo yawo ikuyenda. Ankati inde bambo, ankagwedeza mutu, penapake anamwetulira. Paketi yonse inatha osaphonya ngakhale khadi limodzi, ndipo mumtima anadzitama kuti lero ndiye wafikapo.

Anaimirira, natenga kachikwama kake.

"Ndapita, bambo."

Bambo anamuyang'ana modabwa, pakamwa pali pululu. Iye anatseka chitseko.

Nyumba ya njuga inalibe mawindo. Kunja kunali dzuwa la masana, koma m'katimo munali magetsi achikasu ndi kapeti yomeza mapazi. A Zalazofewa anamuuza kuti azimitse foni. Poyamba zinayenda. Mzime anagwira khutu, iwo anabwera, anapambana. Kachiwiri nambala inakweranso, iye sanalakwitse chilichonse, koma makadi anagwa mokomera wogawa. Anabetchanso, zinapita. Mzime anaika zonse zotsala za kwaya zija, wogawa anazikokera kwake ndi dzanja limodzi, osamuyang'ana n'komwe.

Akanali chikhalire, amuna awiri ovala masuti anaima kumbuyo kwake, namuuza mwaulemu kuti khutu lakelo aliona, ndipo atuluke. Amunawo anafunsa a Zalazofewa ngati ali limodzi ndi mtsikanayo.

"Mtsikana uyu? Sindikumudziwa. Mwina ali ndi nsabwe m'khutu."

Anamutulutsira khomo lakuseri. Kumeneko mayi wina wokolopa anasiya chokolopera chake, namupatsa madzi m'kapu yake yomwe, n'kumukonzera kolala ya bulauzi osafunsa kanthu. Mzime anayatsa foni. Inayamba kunjenjemera m'manja mwake osaleka: mayi, aneba, mayi, mayi.

Anawapeza kuchipatala. Bambo anali gone, mbali imodzi ya nkhope itagwa, dzanja lamanja lili lende. Aneba, mayi wogulitsa makala amene nyumba yawo inagundana ndi shopu, ndi amene anamva fungo la nsalu yopserera, nakankha chitseko, n'kuwapeza ali pansi pafupi ndi tebulo lositira. Dokotala anati mtsempha wa m'mutu unatsekeka, ndipo matendawa kawirikawiri amayamba achenjeza. Akanabwera nawo m'mawa, anatero, mwina zambiri zikanapulumuka.

Mayi anamukokera Mzime pakhonde. Sanakweze mawu.

"Aneba akuti m'mawa amamva bambo ako kukhoma akulankhula nawe nthawi yaitali, iwe ukuyankha. Amati chiyani?"

Mzime anatsegula pakamwa. Anafufuza m'mutu mwake monga munthu wofufuza m'thumba lobooka. Anakumbukira milomo ikuyenda. Anakumbukira dzanja likusisita linzake. Anakumbukira kuti pamene bambo anaweramira kwa iye, nambala inali pa zinayi. Mawu ngakhale amodzi munalibe.

"Sindinamve, mayi."

"Unali pomwepo."

"Ndinali pomwepo. Sindinamve."

Anaulula zonse, za makadi, za a Zalazofewa, za ndalama za kwaya. Ankayembekeza khofi, ndipo akanalilandira mokondwa. Mayi anangotsamira khoma.

"Ndalamazo zisiye, tigulitsa makina. Ine ndikufuna mawu a mwamuna wanga. Anakusungitsa iwe. Ndikawatenge kuti?"

Bambo sanamwalire, koma sanalankhulenso. Anabwerera kunyumba pa njinga ya olumala, ndipo chimene chinkatuluka pakamwa pawo chinali kaphokoso kamodzi kokha, komweko akafuna madzi, komweko akamva ululu. Makina aakulu anagulitsidwa kuti a kwaya abwezeredwe zawo. Makasitomala anayamba kupita kwina. Nambala ya a Zalazofewa sinkapezekanso, ndipo patapita miyezi Mzime anawaona pawindo la kalesitilanti kaja atakhala ndi mtsikana wina woyang'ana pansi.

Chimene chinkamudya Mzime sichinali umphawi. Kodi bambo ankamuuza kuti dzanja lachita dzanzi, awaperekeze kuchipatala? Kodi ankamupempha kuti asachoke, ndipo iye anati inde bambo, n'kunyamuka? Kapena anali ataona kabati yotsegula, ndipo ankamuuza kuti abweze mwakachetechete mayi asanadziwe? Ankagwada pafupi ndi mpando wawo n'kuwafunsa, bambo munkati chiyani, nenaninso. Bambo ankayesetsa mpaka thukuta, kaphokoso kaja n'kutuluka, misozi n'kutsika mbali imodzi. M'maso mwawo munalibe mkwiyo, ndipo zimenezo zinkamupweteka kuposa kutukwanidwa.

Luso lija nalonso linakana kuchoka. Kutchalitchi, abusa ali pakati pa ulaliki, ankadzidzimuka atapeza kuti akugwedeza mutu koma sanamve kanthu. Anachita kuphunziranso kumvetsera ngati mwana wophunzira kuyenda, ndipo mpaka lero amagwa.

Wachinyamata iwe, njuga siyamba ndi kukulanda ndalama. Imayamba yakulanda makutu ndi mtima, n'kukusiya uli chikhalire pakati pa okukonda ngati chitsa. Ndipo aliyense wokuphunzitsa kunamiza makolo ako si mphunzitsi, ndi wakuba amene wakutuma kuti ukadzibere wekha. Mulungu amakhululuka, mayi amakhululuka, koma mawu amene sunawamve pa nthawi yake sabwereranso.

Tsiku lina Loweruka, akusesa m'shopu yomwe tsopano inali ndi malo ambiri, Mzime anakhuthula dengu la zidutswa. Pansi pake panali malaya oyera aja, atakwinyika. Anawachapa, nawasita ndi simbi ya bambo. Anasankha batani lofanana ndi anzake, nakhala pawindo, n'kulisoka pang'onopang'ono, kubwereza ulusi mpaka litalimba.

Lamlungu m'mawa anawaveka bambo malayawo, kuyambira dzanja lakufalo. Atafika pakhosi anamanga batani latsopano lija. Bambo anakweza dzanja lawo lamoyo, nalikhudza ndi chala, n'kutulutsa kaphokoso kawo kaja.

Mzime anasiya zonse zimene zinali m'manja mwake, natembenuka thupi lonse.

"Nenani, bambo. Ndikumva."