Maginito a Kasipanala

Kasipanala anali mtsikana wokonda kumasula zinthu. Anamasula wotchi. Anamasula wailesi. N'chifukwa chake anamupatsa dzina limeneli.

Koma Kasipanala sankasangalala. Bambo ake anasiya kuseka. Ntchito yawo yoyendetsa basi inali itatha. Tsiku lililonse ankangokhala pawindo, ali khuma. Kasipanala ankafuna kumva bambo akusekanso.

Tsiku lina kunabwera amalume. Iwo anali ndi bwalo la magalimoto akufa.

"Alamu, mawa magalimoto onse akukaphwanyidwa," anatero amalume. "Kasankheni imodzi, muzikonza ndi mwanayu."

"Ine ndimadziwa chiwongolero chokha," anayankha bambo.

"Tiyeni, bambo, chonde!" anachonderera Kasipanala.

Bambo anadzuka monyinyirika. "Ikapanda kupezeka lero, basi. Usadzandivutitsenso."

Kubwaloko, Kasipanala anatulutsa maginito a m'wailesi ija.

"Wabwera ndi dokotala!" anatero amalume. "Maginito amamata pa chitsulo chabwino. Pomwe anabisa dzimbiri pomatapo phala lotsekera maenje a galimoto, amagwa."

Anayamba ndi galimoto yofiira. Inali yokongola, yonyezimira. Kasipanala anaikonda kwambiri. Anaika maginito pachitseko. Maginito anagwa pansi, phi!

"Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere," anatero bambo.

Anapita pa galimoto yobiriwira. Maginito anagwanso, phi! Bambo anaponda m'kati. Phazi linatulukira pansi.

Anapita pa galimoto yakuda. Maginito anamata! Mtima wa Kasipanala unadumpha. Koma amalume anapukusa mutu.

"Iyi zipangizo zake sizipezekanso," anatero.

Anayenda bwalo lonse. Apa dzimbiri. Apo dzimbiri. Dzuwa linapendeka. Miyendo inatopa.

Bambo anakhala pa tayala lakutha. Anagwira kumutu.

"Zonsezi zinatha ntchito, mwanangu," anatero motsitsa mawu. "Ngati ine ndemwe. Tiye tizipita."

Kasipanala anamva chisoni chachikulu. Misozi inatsika. Anakwiya nawo maginito aja. Anawaponya kutali, m'maudzu.

Ngwe!

Onse anatembenuka. Kasipanala anathamangira komweko. M'maudzumo munali kalole kakale. Kanali konyansa zedi. Penti inali itasupuka. Matayala anali ataphwa. Pampando panali nkhuku. Koma maginito anali pachitseko, atamata gwa!

Kasipanala anawaika kutsogolo. Anamata. Anawaika kumbuyo. Anamata. Anawaika kunsi. Anamatanso!

"Aa, gogo uyu ndinamuiwala!" anatero amalume. "Zipangizo zake zili mbwee. Injini yake ndi yosavuta. Ngakhale ophunzira angaikonze."

Bambo anaimirira pang'onopang'ono. Analowa m'kalole muja. Anagwira chiwongolero ndi manja awiri. Nkhuku inakwiya. Inalumpha n'kutera pamutu pawo!

Bambo anayamba kuseka. Anaseka mpaka misozi.

Amalume anakakoka kaloleko mpaka kunyumba. Amayi anatuluka, manja ali m'chiuno.

"Mwandibweretsera khola la nkhuku?" anafunsa.

"Ayi, mayi," anatero Kasipanala. "Kunja n'konyansa, koma chitsulo chake n'chabwino."

Amayi anayang'ana kaloleko. Anayang'ananso bambo. Kenako anakatenga ndowa ndi sopo.

M'mawa mwake, pawindo panalibe munthu. Kunsi kwa kalole kunkaoneka miyendo inayi, iwiri yaitali, iwiri yaifupi.

"Kasipanala, patse sipanala!" anaitana bambo.