Ludzu la Achimwene a Nicanor

Kwathu kuno foni imagwira pamalo amodzi okha: pansonga pa phiri, pomwe pali mtanda wachitsulo. Ndiye achimwene anga a Nicanor atanyamuka kukasaka ntchito kumpoto, kudziko la azungu, ine ndi mkazi wawo Brígida tinkakwera Lamulungu lililonse madzulo kukadikira kuti aimbe. Ulendo womaliza anati mawa lake alowa wapansi m'chipululu cha kumalire. Kenako masabata atatu kuli zii.

Tsikulo tinanyamuka dzuwa litapendeka. Tinadutsa minda ya khofi, n'kulowa m'nkhalango ya paini. Brígida ankangoima kupuma, poti anali woyembekezera.

"Fulumirani mlamu," ndinamuseka. "Akaimba osakupezani, akwatira mzungu."

"Mzungu wake uti angalole mphuno ija?"

Tinafika dzuwa lili psuu, likumira m'mitambo kumunsi kwathu. Mphepo inkalasa mpaka m'mafupa. Patsinde pa mtanda panali munthu, atakhala pansi chotifulatira. Chipewa chake ndinachidziwa. Ndinagula ndine pamsika wa m'tauni ya Huehuetenango.

"Brígida," anatero munthuyo osacheuka. "Wanditengerako madzi?"

Mawu anali a Nicanor, koma osasa ngati wameza phulusa.

Mlamu anafuna kuthamangira komweko. Ndinamugwira mkono. Udzu wonse unali wonyowa ndi nkhungu, koma pomwe anakhala munthuyo panali mchenga wouma, woyera, umene kuphiri kwathu kulibe. Ndipo kwa iye kunkachokera kutentha ngati pakamwa pa uvuni.

"Achimwene, mwabwera liti?" ndinafunsa.

"Lala, usayandikire. Musandione kumaso. Madzi okha."

Brígida anagubuduza botolo lathu. Linakaima paphazi pake. Nsapato inali yong'ambika, zala zotupa zili pamtunda. Tinamva akumwa, gu, gu, gu, mpaka botolo linafinyika m'manja mwake.

"Anzanga anandisiya pansi pa kamtengo," anatero. "Anati abweranso."

"Tiyeni kunyumba, bambo," analira Brígida. "Si patali. Tikugwirizizani."

"Ndayesa. Ndikatsika ndimapezekanso pomwe pano."

Dzuwa linamira. Kutentha kuja kunazima nthawi yomweyo. Patsinde pa mtanda panalibenso munthu. Panatsala botolo lopanda kanthu.

Tinatsika titagwirana manja. Titafika m'minda ya khofi, Brígida anakhala pansi n'kuyamba kulira maliro.

Nkhani inawanda m'mudzi. Wansembe anati chisoni chimaonetsa munthu zinthu. Koma amayi a kuchigayo amanong'onezana zina. Akuti munthu wofera kutali osaikidwa m'manda amabwerera mpaka pomwe angaone denga la kwawo, koma pakhomo safika mafupa ake asanapezeke.

Brígida anabereka mwana wamkazi, ndipo phiri sakweranso. Ndimapita ndine, ndi chigubu cha malita asanu pamsana. Ndimachisiya patali, n'kubwerera chafutambuyo.

Sabata yatha ndinapeza akhala awiri, onse chofulatira. Winayo wavala jekete yobiriwira yong'ambika pachigongono. Ndikuidziwa. Ndi ya Fermín, mwana wa a Dominga oyandikana nafe nyumba, amene ananyamuka mwezi wathawu kulowera kumpoto komweko.

Sindinauze aliyense.

M'mawa uno a Dominga anandiimitsa pachipata, akumwetulira.

"Lala mwanawe, pofika pano Fermín ayenera kuti wawoloka malire. Lamulungu likubwerali unditengeko kuphiri tikadikire foni yake, wamva?"

Ndinangoti chabwino mayi.