Boti la Darcy Lokha

Narelle anakumana ndi Darcy Loweruka pa 7 Okutobala, padoko la maboti a matanga ku Geelong. Anapitako ndi mwana wake Imogen, wa zaka zisanu ndi zinayi, amene salankhula ndipo amaopa chilichonse chachilendo. Kumeneko anthu ongodzipereka amatenga ana otere kukayenda nawo panyanja Loweruka lililonse, mwana mmodzi boti limodzi.

Imogen anakana kuvala jekete yoyandamitsa. Anadzigwetsa pansi atatseka makutu.

"Musamukoke, mayi," anatero bambo wina wamtali, wa mphuno yosupuka ndi dzuwa. Anakhala pamatabwa, osamuyang'ana mwanayo, n'kumangomanga mfundo pachingwe. Panatha mphindi makumi anayi. Kenako Imogen anatambasula dzanja n'kulanda chingwecho.

"Basi, wandilemba ntchito," bamboyo anaseka. "Ine ndine Darcy. Nanga amayi a bwana wangayu amamwa khofi?"

Kuyambira tsikulo Imogen sankakwera boti la wina. Anthu atatu anayesapo, onse anawakana mokuwa.

Pofika Novembala, foni ya Narelle sinkapuma.

"Wadzuka, duwa langa? Mphepo ya lero ikununkhira iwe."

"Bodza! Ikununkha nsomba."

"Isitala ikangodutsa ndikuveka mphete. Tidzakhala atatu, iwe, ine ndi kaputeni wathu wamng'ono."

Narelle ankawerenga uthengawo kasanu patsiku. Koma mtima sunkakhala pansi. N'chifukwa chiyani foni ya Darcy inkazima 6 koloko madzulo? Nanga Lamlungu ankalowera kuti? Miyezi inayi inatha, kunyumba kwake osakudziwa!

"Ndimasamalira mayi anga, wapamtima. Akudwala, safuna phokoso."

Narelle ankavomera, kenako n'kumazungulira m'khitchini, kutsegula firiji, kutsekanso. Kangapo analemba kuti "Tikambirane", n'kufufuta. Akamutaya Darcy, Imogen akwera ndi ndani?

Pa 10 Febuluwale, 10 koloko itangodutsa, Darcy ankamanga thanga boti lili padoko. Mphepo inawomba mwadzidzidzi, mtengo wopingasa wa thangalo n'kumumenya pachipumi. Anagwa, magazi chuchuchu.

Mayi Glenys, mtsogoleri wa gululo, anamukanikiza thaulo pabala. "Narelle! Ambulansi ndayitana kale. Tsegula bokosi la makhadi, uimbe nambala ya wachibale wake!"

Ndilo lamulo la gululo. Aliyense wolowa m'madzi amalemba pakhadi munthu womudziwitsa pakagwa ngozi, ndipo woimba ndi amene wakhala patebulo la kumtunda. Tsikulo patebulo panali Narelle.

Pakhadi la Darcy Rowntree panalembedwa dzina loti Bronwyn. Narelle anaimba.

"Ndinu mayi ake a Darcy? Wavulala kuno kudoko."

"Mayi ake anamwalira zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Ine ndine mkazi wake. Akupuma? Chonde, akupuma?"

"Akupuma," anayankha Narelle. Anatchula chipatala, nthawi ndi malo a bala, osalakwitsa ngakhale chimodzi.

"Zikomo, mwachita bwino. Kodi ndinu mayi a Imogen? Mwanayo amamukamba tsiku lililonse pakhomo pano."

Narelle anabwezera khadi m'malo mwake, n'kutseka bokosi. Soseji zimene ankawotchera ana zinapserera, iye ali chiimire.

Lolemba mauthenga anafika khumi ndi awiri. "Duwa langa, ndilole ndifotokoze." "Banja lija linatha kale mumtima." "Ndiyankhe, ndikufa kuno!" Sanayankhe. Lachitatu Narelle anaimbira gulu lina la maboti ku Williamstown, kumufunira Imogen malo ena. Lachinayi anapitako ndi Imogen kuti akaone. Mwanayo anakana kutsika m'galimoto, anadziluma dzanja mpaka magazi.

Loweruka pa 17, Imogen anavala nsapato yekha 8 koloko n'kuima pakhomo. Narelle anatenga makiyi, kuwasiya, kuwatenganso.

Padoko anamupeza Darcy ali ndi bandeji pachipumi. Imogen anathamanga, nakhala m'boti pamalo pake.

"Duwa langa, wabwera!"

"Ndine mayi a Imogen, bambo Rowntree."

"Narelle, chonde, mphindi zisanu zokha."

"Mulibe. Mwana ameneyu sakwera ndi wina, ndiye muzibwera Loweruka lililonse, mvula kapena dzuwa. Mukadzajomba tsiku limodzi, mayi Glenys adzadziwa chifukwa chake, ndi akazi anu omwe. Mumubweze 11 koloko."

Darcy anaweramitsa mutu n'kumasula chingwe.

Boti linachoka pang'onopang'ono. Imogen ankawomba m'manja, kuseka ndi mphepo. Narelle anamubayibitsa akumwetulira mpaka thanga litachepa, poti mwanayo amaona kutali. Ndipo pamene anatsimikiza kuti nkhope yake siyikuonekanso, anakhala pansi pamatabwa n'kulira.