Lata la pa Mtondo

Veronica anaponya nkhwangwa pansi mpaka nkhuku zinabalalika. Zinamukwana! Chaka chimenecho nyanja ya Chilwa inali itadzazanso pambuyo pouma, milamba inali mbwee padoko, ndipo gulu la amayi owamba nsomba linasankha iyeyo, mtsikana wongomaliza kumene Fomu 4, kuti azigula nkhuni. Koma amalume ake, a Dunstan, amene ankayang'anira mauvuni a gululo, anali atayambanso funso lawo lotopetsa lija.

"Vero, nkhuni za Meshack zimachokera kuti?"

"Kumtengo, amalume! Zingachokerenso kuti?"

"Usandiyankhe ngati mnzako. Kuchokera pano mpaka kumsewu mitengo ikuluikulu inatha kalekale. Munthu wogula amafunsa. Ndinakuuza kuti kuchigayo akungotaya mankhusu a mpunga milumilu, tiyese kuwambira amenewo."

"Mankhusu! Mukufuna doko lonse litiseke? Nkhunizi n'zouma, n'zotchipa. Mukufunanso chiyani?"

Kunena zoona, chimene chinkamupsetsa mtima Veronica sanali amalume akewo ayi. Anali mantha. Amayi ena ankanong'onezana kuti ntchito yogula siyoyenera mwana, ndipo iye anafunitsitsa kuwatseka pakamwa. Choncho Meshack akafika m'mamawa ndi zipika zake panjinga, Veronica ankangoti, "Mawa mubweretse zambiri, achimwene." Zoti azidula kuti sankafuna n'kumva komwe.

Anatola nkhwangwa ija mokwiya n'kuikhoma pa chipika chachikulu chimene chinabwera tsiku lomwelo. Ngwee! Nkhwangwa inagunda chitsulo. Atawerama anaona kachidutswa ka lata kokhomedwa ndi misomali, khungwa litameza m'mphepete mwake. Anapukuta dothi ndi chala. Panali zilembo zoboola ndi msomali: ALICE 1989.

Zilembozo ankazidziwa bwino. Bambo ake ndiwo anaziboola, iye ali mwana atawagwirira misomali, chifukwa simenti yomangira chiliza panalibe. Lata limenelo linakhomedwa pa mtengo wa mtondo umene unali kumutu kwa manda a mayi ake.

Anazula latalo n'kuthamangira padoko. Meshack anam'peza m'tiyirumu akumwa tiyi ndi sikono, mtima uli m'malo.

"Inu! Mumadula kumanda? Kumanda, achimwene! Mulibe manyazi? Uwu ndi mtengo wa amayi anga!"

Anthu anasiya makapu. Meshack anayang'ana latalo, nkhope inagwa, koma pakamwa sipanagonje.

"Ndalakwa, inde. Koma munandifunsapo inu, chemwali? Tsiku lililonse zinali zoti bweretsani zambiri, bweretsani zotchipa. Milungu isanu mwakhala mukusonkha nokha pamoto."

Veronica anakweza dzanja kuti amuwombe mbama, koma linangotsika lokha. Mkwiyo wonse uja unatembenuka n'kumuluma mwini wake. Anatuluka n'kulunjika kumanda.

Kumanda salowako wamba, choncho anaima m'mbali mwa njira. Kulowa kunalibenso ntchito. Pamene kale panali mthunzi wa bii, tsopano panali zitsa zokhazokha, ndipo mtumbira wa mayi ake unkaonekera patali, uli pa dzuwa lamasana. Analira mpaka mawu anasasa.

Atabwerera anapeza amalume ake atapatula zipika zotsala pambali, uvuni atauzimitsa. Sanamukalipire. Anangomuyang'ana, ndipo zimenezo zinamuwawa koposa.

"Amalume, ndibwerekeni njinga ndi matumba," anatero, maso ali pansi.

Kuchigayo, mwini wake anamulozera mulu wa mankhusu kuseri kwa nyumba. "Tapani mmene mungathere, mwatithandiza kusesa."

Veronica anatsegula thumba, kenaka anaima. Anakhudza lata lija limene analimanga pansonga ya chitenje.

"Pepani bambo, ndifunse kaye," anatero. "Mankhusuwa ndi a ndani, ndipo achokera kuti?"