Phunziro Lopanda Kulira kwa Pulayala

Panyumba pa bambo wokonza magetsi uja sipankasowa waya. Ukatsegula kabati ya mbale, waya. Ukanyamula Baibulo patebulo, pansi pake kachidutswa ka waya. Mayi ankati anakwatiwa pamitala, mkazi wamkulu ndi pulayala, koma ankanena akuseka. Linali banja la mapemphero, ndipo ana awiri, mtsikana ndi mlongo wake wamng'ono, anakula osadziwa mkangano.

Mnyamatayo ankamutchula Kawaya, chifukwa ali mwana ankatolera tizidutswa m'kanyumba kogwirira ntchito kuseri kwa nyumba. Ndimo anaphunzirira luso lonse la bambo ake, pamodzi ndi lamulo limodzi limene ankalimva mpaka kutopa nalo.

"Chimene manja ako sanachigwirepo, pakamwa pako pasachiphunzitse."

Maso a bambo atayamba kuchita khungu, Kawaya anali atamaliza sukulu ya zamagetsi. Anaganiza zophunzitsa anthu pa intaneti kalumikizidwe ka magetsi a dzuwa, pamtengo woti ngakhale mlonda angakwanitse. Zipangizo zake zinali zoseketsa: foni yotsamira pachitini cha misomali, ndi nsalu yoyera ya pabedi yopachika kukhoma la kanyumba kaja. Asanajambule ankayamba walumikiza chinthucho yekha, bambo n'kuchipapasa ndi zala mfundo iliyonse. Akati "bwerezanso", ankabwereza. M'mawa uliwonse ankayankha mafunso a ophunzira, ndipo ophunzirawo anachuluka mpaka ena a kumaiko amene iye sanawapondeko.

Kenaka anati netiweki ya panyumba ndi yofooka, nasamukira kutali, m'chipinda cha lendi chapamwamba pa sitolo. Chipindacho chinali ndi zenera limodzi loyang'ana kukhoma la nyumba ina. Munalibe womuuza kuti bwerezanso. Ankadya yekha, kuyankhula ndi foni yekha, ndipo mwa anthu ochuluka amene ankamutcha Aphunzitsi panalibe ndi mmodzi yemwe wodziwa kuti akudwala chimfine.

Amene ankagogoda pakhomo pake anali mmodzi, mnyamata wa chipinda choyandikana, wokonza mavidiyo a maukwati. Anzake ankamutchula Chidule, ndipo dzinalo silinamugwere pachabe.

"Aise, sabata yonse phunziro limodzi?" anatero Chidule tsiku lina, akukankha mawaya ndi phazi kuti apeze pokhala. "Ukudzipheranji? Pa intaneti mavidiyo ali mbwee. Tenga ya munthu wakutali, uzimitse mawu ake, uikepo ako. Manja ndi manja basi, ndani angawazindikire?"

"Kumeneko ndi kuba."

"Wathyola chitseko cha ndani? Vidiyo yake ikhala pomwepo. Iwe ukungothandiza anthu kuti amve m'chiyankhulo chawo. Mwina Mulungu akudalitsa n'kukudalitsa."

Kawaya anaseka, nakana. Sabata yotsatira anatopa, ndipo anayesa kamodzi. Phunziro linatha asanamalize kumwa tiyi. Palibe anadandaula, ena mpaka anayamikira kuti zithunzi zayamba kuwala. Kuchokera pamenepo pulayala inagona pansi pa bedi. Ntchito yake inangotsala kudula: paliponse pamene mwini vidiyo waonetsa nkhope, Kawaya ankadulapo. Anayamba kudzuka dzuwa lili pamutu. Mafunso a ophunzira anamutopetsa, ndiye anatseka kabelu ka mauthenga kuti foni isamamusokose.

Kunyumba, bambo ankamvetsera phunziro lililonse. Kuona sankaona, koma mwana wawo wamkazi ankawaikira foni pakhutu. Lamulungu lina masana anamuimbira.

"Mwanawe, maphunziro ako atsopanowa ali zii. Ndikungomva mawu ako okha. Pulayala sikulira, sikuludiraiva sikugwa patebulo, ngakhale kupuma kwa munthu amene akumanga nati sindikukumva. Manja amene anthu akuonawo ndi ako?"

"Ndi makina atsopano, bambo. Amachotsa phokoso."

Bambo anati, "Chabwino. Koma waya sanamizidwa. Munthu ungamunamize, waya ayi."

Mayi analanda foni. "Bambo ako sakugona nawe tulo, ukudziwa? Wakutsina khutu ndi mnansi. Bwera udzatione, udzakhale nawo pabenchi paja ngakhale tsiku limodzi."

"Ndibwera, amayi, ntchito yangochuluka."

Sanapite. Anadula foni n'kukhala pabedi, manyazi akumudya, ndipo m'malo molapa anangoyamba kuchepetsa kuyankha mafoni akunyumba.

Nthawi imeneyo kunabwera mabatire a mtundu watsopano, opepuka, osunga moto nthawi yaitali. Ophunzira anafuna phunziro lake. Kawaya anali asanaligwirepo batire lotero. Chidule anamupezera vidiyo ya mkulu wina wa kudziko lakutali, woyankhula chiyankhulo chimene onse awiri sankamva ndi liwu limodzi lomwe. Kawaya anangotsatira manja a mkuluyo n'kumafotokoza zimene akuona. Chapakati mkuluyo anatembenuzira kamera kunkhope yake nayankhula nthawi yaitali.

"Apa ndiye wachulutsa nkhani," anatero Chidule. "Akupempha anthu kuti azimutsatira. Dula."

Kawaya anadula osaonera n'komwe. Phunziro linatuluka tsiku lomwelo.

Patapita masabata angapo achemwali ake anamupeza pafoni, mawu ali odzaza chimwemwe.

"Achimwene, ndalembetsa nawo sukulu yanu ija. Ndagula mabatire atsopanowa, ndikufuna kuika magetsi m'kanyumba ka bambo, kuti azimvera wailesi ndi kukupizidwa ndi fani. Mukudziwa amakonda kukhala m'menemo masana. Ndinawafunsa kuti andithandize, akuti mabatire amenewa manja awo sanawagwirepo, ndifunse inu."

Apa ndi pamene Kawaya akanati, dikirani achemwali, inenso sindinawagwirepo. Mawuwo anafika pakhosi, koma kunena kukanakhala kuvomera kuti bambo ananena zoona.

"Ingotsatirani vidiyoyo, achemwali. Zonse zili momwemo."

Achemwali anatsatira. Atamaliza analemba funso pansi pa phunzirolo, monga ophunzira onse amachitira, kuti batire likumatentha dzuwa likakwera, kodi ndi mmene limachitira? Anaimbanso foni kawiri konse. Kawaya anali mtulo, kabelu kali kotseka, ndipo atadzuka n'kuona kuti akunyumba amamufuna anati adzaimba mawa.

Mawa lakelo masana, batire linaphulika. Bambo anali akuwodzera pampando wawo m'kanyumbamo. Moto unagwira nsalu yoyera ija, imene inali ikadali kukhoma, n'kukwera kudenga. Bambo anadzuka mu utsi osadziwa kumene kuli khomo. Mwana wawo wamkazi analowa, nakankha shelefu yoyaka ndi manja ake, n'kuwakokera panja. Bambo anapulumuka. Kanyumba kanapsa konse ndi zipangizo za moyo wawo wonse.

Kawaya anafika kuchipatala tsiku lotsatira. Anapeza achemwali ake atagona chagada, manja onse awiri atakulungidwa mabandeji mpaka m'zigongono. Mayi anali pambali, ndipo sanadzuke kumulonjera. Iye anayembekezera kukalipiridwa, ndipo kukanamupepukira. Koma achemwali anamuyang'ana ndi maso a munthu wolakwa.

"Pepani achimwene, ndakuchititsani manyazi. Ndinaonera vidiyo ija mobwerezabwereza, waya uliwonse ndinaika pamene munanena. Tandiuzani, ndinalakwitsa pati?"

Kawaya anatuluka n'kukakhala pabenchi ya pakhonde, pakati pa anthu osawadziwa, natsegula vidiyo ya mkulu uja. Kwa nthawi yoyamba anaonera chigawo chimene anadula. Mkuluyo sankapempha omutsatira. Ananyamula batire lakupsa, lotupa, nalionetsa pakamera. Kenaka ananyamula kabokosi kakang'ono koteteza batire kuti lisadzaze mopyola muyeso, naloza pamene kamalumikizidwa, akugwedeza chala mochenjeza. Sipankafunika kumva chiyankhulo chake. Ngakhale mwana akanamva.

Anabwerera m'chipindamo, nagwada pafupi ndi bedi.

"Simunalakwitse paliponse, achemwali. Manja aja sanali anga. Vidiyo ndinaba, ndipo chenjezo ndinadula ndine."

Mayi anaphimba nkhope ndi nsalu. Achemwali anatembenukira kukhoma.

Kawaya anawapeza bambo kunyumba atakhala pakhonde, nkhope italoza kumene kunali kanyumba kaja. Anamvetsera zonse osamudula mawu. Sanakalipe, sanatchule n'komwe lamulo lawo lija.

"Amene anaonera phunziro limenelo ndi mlongo wako yekha?"

"Ayi, bambo. Ndi ambiri."

"Ndiye ukudikira chiyani pano? M'nyumba zimenezo mukugona ana a anthu."

Tsiku lomwelo Kawaya anachotsa maphunziro onse akuba. Anaimika foni pa njerwa yakuda ndi mwaye, naonetsa nkhope yake, n'kuulula zonse, kupempha aliyense amene anatsatira phunziro lija kuti amasule mawaya msanga. Atatsegula kabelu kaja anapeza mafunso atasanjikizana, ndipo ambiri anali ofanana ndi la achemwali ake. Ena anamutukwana, ena anangochoka. Amene ankayang'anira tsamba la pa intaneti la maphunzirolo anamutsekera. Chidule anasiya kuyankha foni.

Koma chimene chimamusowetsa mtendere mpaka lero ndi aja amene sanayankhe. Sadziwa maina awo enieni, sadziwa kumene amakhala, sadziwa ngati uthenga unawapeza. Amawapempherera m'mawa uliwonse, chifukwa palibenso china chimene angawachitire.

Tsopano amakhala kwa makolo ake. Amayenda khomo ndi khomo kukonza masoketi, ndipo palibe amamutcha Aphunzitsi. Zala za achemwali ake zinapola zopindika, moti batani la malaya limawakanika. Kawaya ndiye amawatsegulira mabotolo ndi kuwamangira zingwe za nsapato. Achemwaliwo anamukhululukira, ndipo amamuuza choncho, koma nthawi iliyonse akawerama kuti amange zingwezo amaona manja amene anapsa chifukwa anamukhulupirira.

Wachinyamata iwe amene uli ndi luso ndipo anthu ayamba kukumvera, ulesi ndi umene umatsegulira kuba chitseko, ndipo bodza limalowa pambuyo pake. Kuba ntchito ya mnzako ndi kuba ndithu, ngakhale palibe loko amene wathyola. Usaphunzitse chimene sunachigwire, ndipo wokufunsa umuyankhe, chifukwa wolipira bodza la mphunzitsi ndi amene anamukhulupirira.