Galimoto Yaitali ya Mukelabai

Ku Dambwa North, kuseri kwa tchalitchi cha malata ofiira, kunali nyumba imene anthu ankaloza akafuna kulangiza ana awo. Mwini wake anali ba Mubita, Mulozi, mkulu wa mpingo amene anapuma ntchito ya njanji. Iwo ndi akazi awo, ba Namukolo, anali ndi mwana mmodzi yekha, Mukelabai. Pakhomopo sankadya asanapemphere, ndipo mlendo sankabwerera ndi njala.

Chuma chawo china chinali kumudzi, cha ku Mwandi: ng'ombe ziwiri zokoka ngolo, Bantomu ndi Landani, zimene ankaweta mng'ono wa ba Mubita, ba Mwikisa. Mudziwo uli pakati pa mchenga wozama. Anthu a m'tauni akamapita kumeneko amatsika pamsewu wa tala, ngolo n'kubwera kudzawatenga. Ba Mubita ankazitchula ng'ombezo ngati akutchula ana awo.

Kenako matenda a shuga anawagwira. Miyendo inatupa, ndipo kukwera minibasi popita kuchipatala kunasanduka chilango. Tsiku lina ataweruka kutchalitchi anaitana mwana wawo.

"Muke, tenga ndalama za penshoni. Ugule kamotoka kang'ono, kaja kotsegula kumbuyo. Kali pansi, nizakwanisa kungena neka. Mafuta kamwa pang'ono."

"Nanga kumunzi, batate? Mchenga uja?"

"Kumunzi kuli Bantomu. Motoka isilizira patala."

Mukelabai anavomera, koma diso lake linali litadwala kale. Ankagwira ntchito yoperekera zakudya pa loji ina pafupi ndi mathithi a Mosi-oa-Tunya, ndipo tsiku lililonse ankatsegulira alendo zitseko za magalimoto aatali miyendo. Ankadziona m'magalasi ake atanyamula mbale, mtima n'kumamuwawa.

Pamalo ogulitsira magalimoto, chakumbali kwa msewu wa Mosi-oa-Tunya, anakumana ndi Boniface, mnyamata wa pakamwa potsekemera amene ankadyera kukopa ogula. Kagalimoto kaja kanalipo, koyera, kofatsa, kokwana ndendende ndi ndalama za ba Mubita.

"Ba Muke, imwe zoona?" anatero Boniface akuseka. "Aka ni ka ba nesi. Mukayenda nako ku mwambo wa Kuomboka bazakusekani mpaka mukabwere. Onani iyi."

Inali yakuda, yotukuka, yonyezimira. Mukelabai atakhala pampando anaona anthu a mumsewu ali pansi pake, ndipo anamva kukoma.

"Ni ngamila iyi. Mchenga uiyopa," anatero Boniface.

"Ndalama sizikwana."

"Mulozi alibe ng'ombe? Awe, musaninamize."

Mawu amenewo anagona naye, anadzuka naye. Atawauza mayi ake za galimoto yakudayo, ba Namukolo sanatukule n'komwe mutu pa zovala zimene ankasita.

"Batate bako bafuna miyendo, sibafuna ulemu. Gula chamene bakutuma. Chikomekome cha mkuyu, mwana wanga, m'kati muli nyerere."

Mukelabai anatuluka panja n'kuimbira foni ba Mwikisa. Anawauza kuti matenda akula, madokotala akufuna ndalama za ku Lusaka, ndipo bambo ake alamula kuti Bantomu ndi Landani zigulitsidwe. Anawonjezera kuti asawafunse eni ake, chifukwa nkhaniyi ikuwachititsa manyazi. Kwawo mwana woyamba akabwera ndi mawu a bambo ake, palibe amamufunsa umboni. Ba Mwikisa anangousa moyo, ndipo ng'ombezo zinakwera lole ya ogula nyama.

Galimoto inalowa mu Dambwa ikuliza hutala. Ana anaithamangira, amayi anasuzumira pamipanda. Mukelabai ananama kuti bwana wake wa ku loji ndiye wawonjezera ndalama. Ba Mubita anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anayesa kukweza mwendo. Mwendo unakana. Mukelabai anachita kuwanyamula ngati thumba la chimanga, anthu akuonerera.

Galimotoyo inkamwa mafuta ngati ili ndi ludzu la chaka. Loweruka inkazungulira m'dera la Nottie Broadie itadzaza anzake a Mukelabai, nyimbo zili phokoso. Likafika tsiku la chipatala, thanki inkakhala gwa. Ba Mubita anabwerera ku minibasi, atatsamira phewa la akazi awo, galimoto ili pamthunzi wa mango. Sanadandaule. Mukelabai akanakonda akanamukalipira.

M'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuwotcha ngati moto, matenda anafika poipa. Ba Mubita anadziwa.

"Nipelekeni kumunzi. Nifuna nione nyumba ya batate banga, nione na ng'ombe zanga. Muke, uza Mwikisa atichingamire patala na ngolo."

Apa ndiye panali pomwe Mukelabai akanagwada n'kuulula, koma bodza likabala ana silifuna kuwasiya amasiye.

"Ngolo ni ya chani, batate? Iyi motoka izakufikisani pakhomo."

Ananyamuka m'mawa. Pofika pamphambano yopatukira kumudzi, dzuwa linali pamutu. Ba Namukolo anagwira mwana wawo paphewa.

"Imilira apa. Palibe motoka yamene inangenapo mu mchenga uyu. Tiyembekeze ngolo."

Iye anaponda mafuta. Galimoto inayenda ndithu, mpaka msewu wa tala unabisika kumbuyo, ndipo Mukelabai anayamba kukhulupirira bodza lake lomwe. Kenako inalira, inagwedezeka, n'kukhala pansi. Atatsika anaona matayala akutsogolo okha akuzungulira, akukumba dzenje, akumbuyo ali duu. Ngamila ya Boniface inali ndi miyendo iwiri yokha yogwira ntchito. Kutalika konse kuja kunali kwa maso.

Anakumba ndi manja. Anathyola nthambi n'kuika pansi pa matayala. Mchenga unkawotcha mpaka khungu la zala linasupuka, koma galimoto inkangomira. Madzi a m'botolo anatha. Ba Mubita ankapuma movutikira, milomo itauma.

"Leka, mwana wanga, uzadzipweteka. Nipatse foni. Bantomu azatichosa."

Mukelabai anapereka foniyo. Sanaganize zothawa kapena zonamanso. Anangoima, manja ali lende, akumva mawu a ba Mwikisa akutuluka m'foni momveka bwino.

"Ng'ombe ziti, bakulu? Zija munanituma kugulisa?"

Ba Mubita anayang'ana mwana wawo, kenako anayang'ana mpando umene anakhalira. Anausisita pang'onopang'ono ndi dzanja lotupa, monga ankasisitira khosi la ng'ombe.

"Kansi nakhala pa Bantomu," anatero.

Ba Mwikisa anathamanga kukabwereka ng'ombe za anthu ena, koma nyengo yotentha ziweto zimadyera kutali, kumtsinje. Ba Namukolo anavula chitenje n'kumakupiza amuna awo, akuimba nyimbo ya kutchalitchi chapansipansi. Mukelabai anakhala pamchenga, msana atatsamira tayala. Anamva nyimbo ija ikuduka pakati. Sanadzuke kukaona.

Ngolo inafika dzuwa litapendeka, yokokedwa ndi ng'ombe zachilendo. Inanyamula mtembo. Mudzi unali pafupi, moti akanatsikira patala n'kupeza Bantomu ndi Landani monga mwa masiku onse, ba Mubita akanamwa madzi a kwawo akadali moyo. Podutsa pakhola lopanda kanthu, ba Mwikisa anayang'ana kumbali.

Pamaliro Mukelabai sanalire. Anthu ankati walimba mtima, koma iye sankamva kanthu, ngakhale njala. Nkhani ya ng'ombe inafika ku Dambwa iye asanafike. Atakumana ndi Boniface m'tauni, mnyamatayo anangotambasula manja.

"Ine ninagulisa motoka, ba Muke. Ng'ombe munagulisa mweka."

Galimoto ija anaikoka n'kuibweretsa ku Dambwa, ndipo ilipo pansi pa mango, matayala ataphwa, nkhuku zikugona kunsi kwake. Mukelabai amaidutsa m'mawa uliwonse popita kukanyamula mbale. Ba Namukolo sanamutukwane ndipo sanamuthamangitse. Amamuphikira, amamupempherera pomutchula dzina. Tsiku lina iye anati aikonzetsa kuti aziwaperekeza kutchalitchi.

"Usavutike," anatero mayi ake akumanga duku. "Sinikwera pa ng'ombe za bamuna banga."

Achinyamata, imvani. Tchimo la Mukelabai silinayambire pa kuba. Linayambira pa kuchita manyazi ndi chinthu chaching'ono chimene chinali chokwanira. Kusirira kunabala bodza, bodza linabala kuba, ndipo chimene anaba ndicho chikanapulumutsa bambo ake. Lemba likuti lemekeza atate ako ndi amako, likutinso usabe, ndipo kubera kholo ndi kuba ndithu, ngakhale udziuze kuti chumacho chidzakhala chako. Mulungu amakhululukira wolapa, koma sabweza ng'ombe zimene zinalowa kale m'butchala. Mukelabai anafuna kuti anthu amuone ali pamwamba. Lero a ku Dambwa amalozabe nyumba ija polangiza ana awo, koma chala chimalunjika pa galimoto.